Dzanja la a Misomali

Wautoto anali pamwamba pa makwerero akumalizitsa kujambula buledi pamene a Misomali anatulukira pakhomo la shopu yawo, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa.

"Buledi ameneyo wapserera!" anakuwa ali kutsidya kwa msewu.

"Wapsa bwinobwino, bwana Woimira," Wautoto anayankha osacheuka. "Uyu ndi buledi wa khonsolo. Sachita nkhungu, makoswe samudya, ndipo mtengo wake sukwera."

"Sakhutitsanso."

"Ine akundikhutitsa," anatero Wautoto uku akudzigogoda pamimba ndi chigwiriro cha bulashi. Mimbayo inali yatsopano ngati msewu womwewo.

Nyumba imene ankajambulayo inali ya mayi wogulitsa nsapato amene anali atangotseka kumene. Khonsolo sinkafuna kuti shopu yotseka izioneka yotseka, choncho inalemba ntchito Wautoto kuti azikhoma matabwa pamawindo ndi pazitseko n'kujambulapo shopu ina yodzadza ndi katundu. Mumsewu waukulu wa tauniyo munali kale shopu ya maluwa, ya mabuku, ya mawotchi, komanso malo omwera khofi momwe munali mwamuna ndi mkazi amene anayamba kuseka chilimwe chatha ndipo anali asanatseke pakamwa. Mashopu otsegula anatsala owerengeka. Ya a Misomali inali pakati penipeni, ngati dzino lenileni pakati pa mano oikirira.

Dzina loti Misomali analipeza kalekale chifukwa cha malonda awo: misomali, maloko, waya, mahinjesi, guluu ndi tinthu tina timene munthu amatikumbukira chitseko chikagwa. Dzina loti Woimira linabwera mochedwa, koma ndi limene ankalikonda. Khonsolo itaganiza zokonzanso pakati pa tauni, inafuna wamalonda mmodzi woti azikhala nawo m'komiti younika ntchitoyo. Amalonda anzawo anasankha a Misomali. Eniake ankati ndi chifukwa cha nzeru. Akazi awo ankati ndi chifukwa choti mumsewu monsemo ndi okhawo amene anali ndi jekete. Anapatsidwa baji yopachika m'khosi ndi mpando wa kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi fulasiki ya tiyi.

Pamsonkhano wawo woyamba, mkulu wa za mapulani, amene aliyense ankangomutchula kuti a Mapulani, anafotokoza kuti makonde a mashopu ndi achikale, amabisa nkhope ya tauni ndipo amasunga fumbi ndi malova. Anati mabasi nawo azikaima kudepoti yatsopano kunja kwa tauni, kuti anthu aziyenda mumsewu momasuka. Wapampando atati, "Onse ofuna chitukuko akweze manja," a Misomali anakweza lawo kuposa wina aliyense, mpaka kudzuka pang'ono pampando. Nanga munthu ungabise dzanja pamaso pa chitukuko, baji ili m'khosi?

Khonde loyamba kugwa linali lawo, poti Woimira anayenera kupereka chitsanzo. Pakhondepo pankasokera mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, telala amene anakhalapo ndi makina ake kuyambira ana asanabadwe. A Telala sanakangane ndi munthu. Anamanga makinawo panjinga n'kutsatira mabasi.

Msewu unakongoladi. Anayala njerwa zofiira, anaimika nyale zazitali, anadzala timitengo tomangirira kundodo timene mthunzi wake sukanakwana nkhuku, n'kuika mabenchi a simenti amene masana ankatentha ngati chiwaya. Ndipo anthu anayenda momasuka monga ananenera a Mapulani. Anayenda mpaka kudepoti, osabwereranso. Apa m'pamene a Misomali anazindikira, mwakachetechete, kuti makasitomala awo sankabwerera misomali. Ankabwera kudzabisala mvula, kudzadikira basi kapena thalauza, kenako n'kukumbukira kuti chitseko cha bafa chikulendewera.

Masana amenewo kunatulukira nkhalamba ina itagwira wotchi ya pamkono m'dzanja ngati kamwana ka nkhuku kodwala. Inaima pashopu ya mawotchi, inasuzumira, n'kugogoda.

"Odi kuno!"

Matabwa anayankha mmene matabwa amayankhira. Nkhalambayo inagogodanso, kenako inadutsa msewu kupita kwa a Misomali.

"Mwana wanga, a mawotchiwa amatsegula nthawi yanji? Ndikuona katundu ali mbwee, koma munthu sakuvomera."

A Misomali anakhudza baji yawo. Ulemu wa khonsolo unali m'manja mwawo.

"Atuluka pang'ono, agogo."

"Chabwino, ndiwadikira." Nkhalambayo inakakhala pabenchi, inadzuka msanga, inayala chipewa n'kukhalanso.

Akazi a a Misomali anafika nthawi yomweyo, ambulera ili kumutu, thukuta lili kamukamu. Ankachokera kudepoti kumene ankathandiza achimwene awo kusoka mabatani. Anayang'ana nkhalambayo, anayang'ana amuna awo, ndipo sanafunikire kuuzidwa.

"Agogo," anaitana, "imeneyo si shopu, ndi chithunzi. Wokonza mawotchi ali kudepoti, kuseri kwa zimbudzi."

Nkhalambayo inapita kukakhudza khomalo ndi chala, inanunkhiza chalacho, n'kuyang'ana a Misomali nthawi yaitali. Sinatukwane. Inangovala chipewa chake chofunda n'kuuyamba ulendo wa kudepoti.

"Mwafika pomanamiza nkhalamba padzuwa?" anafunsa mayiwo atalowa m'shopu.

"Ndimateteza mbiri ya tauni."

"Mbiri ya tauni yagula chiyani lero?"

"Tsiku likadalipo."

"Ndafunsa chimene mwagulitsa, sindinafunse nthawi."

"Kunabwera bambo wina kudzafunsa za loko."

"Anagula?"

"Anafunsa bwino kwambiri. Akuoneka kuti ndi munthu wodziwa maloko."

Mayiwo anapinda ambulera n'kukhala pathumba la simenti limene linauma kale n'kusanduka mwala. Anadutsitsa chala pasikelo, chalacho chinatuluka ndi fumbi.

"Tamverani, abambo. Benchi la malonda lija loyandikana ndi achimwene kudepoti, mwiniwake wasamuka. Achimwene akhala akuyanikapo nsalu kuti anthu aziona ngati lili ndi mwini. Woyang'anira depoti wati zamasewerazo zatha. Mawa m'mawa akuligawa, ndipo akufuna mwini malonda aonekere yekha, osati mkazi wake, osati mlamu wake. Muli denga. Anthu amachita kupondana. Mukapita, tipulumuka."

"Mawa m'mawa kuli komiti."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukufuna Woimira ajombe kumsonkhano wounika chuma cha tauni chifukwa cha benchi? Komanso lamulo mukulidziwa. Woimira ayenera kukhala ndi shopu yotsegula mumsewu uno. Ndikasamuka, mpando wapita."

"Mpandowo tiuphika? Ndiponso mukuimira ndani? Anzanu onse ali kudepoti. Mwatsala ndi anthu awiri a khofi aja, ndipo iwo sadandaula, amangoseka."

A Misomali anawongola jekete lawo limene linali pamsomali kuseri kwa kauntala. Analankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene walowa kale m'chipinda cha msonkhano.

"Mayi, ine ndi amene ndinakweza dzanja. Khonde la alamu ndinagwetsa ndi dzanja ili. Usiku ndimalimva kulemera. Mawa ndikalitsitsa pamaso pa onse. Ndikawauza kuti makonde abwerere, mabasi abwerere. Akhala asakumva chifukwa palibe amene wawauza mwadongosolo."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abambo. Wa pachala ndi wa mphepo."

"Alamu auzeni ayanikeponso nsalu. Ndikatuluka m'komiti, benchi limenelo sitidzalifunanso."

Mayiwo anatsegula ambulera ali m'nyumba momwemo, chinthu chimene sankachita, n'kutuluka osatsanzika.

M'mawa mwake a Misomali anafika kukhonsolo mlonda asanamalize kusesa. Chipinda cha komiti chinali chozizira bwino. Makhansala analowa mmodzimmodzi, aliyense ndi foni kukhutu, ndipo wapampando analowa pomaliza monga mwa mwambo wa apampando. Atapemphera kuti Mulungu awapatse nzeru, anazimitsa magetsi, ndipo a Mapulani anayamba kuonetsa zithunzi pakhoma.

"Olemekezeka, umu ndi mmene msewu unalili kale." Pakhoma panaoneka makonde, mabasi, matelala, amayi a nthochi, chipwirikiti cha anthu. Makhansala anapukusa mitu momva chisoni. "Ndipo umu ndi mmene ulili lero." Panaoneka njerwa zofiira, nyale ndi galu mmodzi.

Anawomba m'manja.

"Vuto la mashopu otseka tathana nalo," anapitiriza a Mapulani. "Lero mlendo akadutsa pagalimoto..."

"Magalimoto tinaletsa," anakumbutsa wina mumdimamo.

"Akadutsa wapansi, mofulumirirapo, saona shopu yotseka ngakhale imodzi."

Khansala wina wa magalasi, amene ankadziwika kuti ndi wovuta chifukwa ankafunsa funso limodzi pamsonkhano uliwonse, anakweza cholembera.

"Nanga chuma? Malonda akuyenda bwanji?"

"Zizindikiro zonse ndi zabwino, olemekezeka. Madandaulo a amalonda atsika kwambiri. Zinyalala zachepa. Ngozi palibe. Opisa m'matumba atheratu, apolisi akuchita kutithokoza."

"Ndakhutira," anatero wa magalasi, n'kubweza cholembera m'thumba.

Apa a Misomali anaimirira. Mawu anali atawakonza bwino. Anayamba ndi kulonjera wapampando, wachiwiri kwa wapampando, makhansala onse mwa maudindo awo, a Mapulani, alembi, ndi onse amene mwina anawaiwala. Pamene ankamaliza malonjewo, wapampando anali atayang'ana kale wotchi.

"Mwachidule, a Woimira."

"Mwachidule, bwana, msewu wafa. Tikupempha makonde abwerere."

"Makonde ndi nkhani ya komiti ya zomangamanga."

"Ndiye mabasi abwerere."

"Mabasi ndi a komiti ya za misewu."

"Nanga ife ndi a chiyani, bwana?"

"Ife timaunika."

"Tikaunika n'kupeza kuti chinthu chafa?"

"Timalemba kuti taunika," anatero wapampando mokoma mtima, ngati akuphunzitsa mwana kumanga nsapato.

A Misomali anaiwala dongosolo lonse limene anakonza.

"Olemekezeka, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Mumsewu muja mulibe munthu. Ine ndimakhala tsiku lonse kuyang'anizana ndi buledi wa penti. Dzulo lomweli nkhalamba inabwera ndi wotchi yake, inagogoda pashopu yojambula ija, inati odi, inadikira padzuwa..."

"Inagogoda?" anadula mawu wapampando, nkhope itawala.

"Inagogoda, bwana. Kawiri."

"Mwamva, olemekezeka? Munthu kugogoda! A Mapulani, mnyamata wa utoto ujatu ndi katswiri. Alembi, lembani kuti komiti yamva umboni wochokera kwa amalonda eniake."

Anawombanso m'manja, ndipo ena anatembenukira kwa a Misomali n'kuwagwedezera mitu mothokoza. A Misomali anaima pakamwa pali yasa. Poona kuti palibe amene akuwauza kuti akhale, anakhala okha.

Zithunzi zinapitirira. Maluwa, mabuku, anthu a khofi. Kenako panabwera shopu ina ya khoma losuluka, yokhala ndi chipsera chachitali pamwamba pa chitseko pomwe panali khonde. Pawindo pake panali maloko ochita dzimbiri, mpukutu wa waya ndi ntchentche zakufa.

"Taimani pamenepo," anatero mayi wina khansala amene anali asanalankhule chiyambire. "Iyo inatsekedwa liti? Bwanji sanaijambule? Ikunyazitsa zinzake."

A Mapulani anatsokomola.

"Ndi yanga, mayi," anatero a Misomali. "Ndi yotsegula."

"Ooh. Pepani." Mayiwo anayang'anitsitsa chithunzicho. "Koma sikuoneka."

Nkhaniyo inawagwira mtima makhansala kuposa zonse za m'mawawo. Anakambirana mwakuya. Anapeza kuti vuto lalikulu limene latsala mumsewu ndi mashopu otsegula, chifukwa katundu weniweni amasuluka, amachita fumbi, ndipo sasanjika bwino ngati wojambula. Wa magalasi anaphwanya mwambo wake n'kupereka ganizo: mashopu otsalawo nawonso akhomedwe matabwa ojambula pamawindo kuti msewu ufanane, koma chitseko chisiyidwe kuti mwiniwake azitha kulowa.

"Onse ofuna chitukuko akweze manja," anatero wapampando.

Manja anakwera. A Misomali anatenga dzanja lawo lamanja, analiika pansi pa ntchafu n'kulikhalira. Lamanzere analipanikiza pakati pa mawondo. Chibadwire anali asanakanepo chinthu pamaso pa anthu ovala mataye, ndipo anadikira kuti denga ligwe.

Mlembi anayendetsa maso kuzungulira tebulo.

"Onse agwirizana, bwana wapampando."

"Si onse!" Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Ine sindinakweze. Taonani, ndalikhalira. Lembani kuti Woimira wakana."

Mlembiyo anali mtsikana waulemu. Anayang'ana wapampando, kenako anawerama pang'ono n'kulankhula monong'ona, koma m'chipinda chozizira mawu amayenda.

"Pepani bambo, dzanja lanu sitiliwerenga. Amavota ndi makhansala okha. Inu ndinu oitanidwa."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire pachiyambi."

"Nanga tsiku lija la makonde?"

"Ngakhale tsiku limene lija."

"Koma ndinakweza. Aliyense anaona."

"Tinaona, bambo. Timangoti mwina mumakonda."

Wapampando anatseka msonkhano ndi pemphero lothokoza chifukwa cha nzeru zimene zinaperekedwa. Potuluka anasisita a Misomali paphewa. "Mwalankhula bwino, a Woimira. Mawu a amalonda ndi ofunika kwambiri. Osathawa tiyi, lero kuli mabisiketi a kirimu."

A Misomali sanamwe tiyi, koyamba chilowereni m'komitimo. Anadutsa mumsewu wofiira uja dzuwa lili paliwombo, jekete lili pathupi. Sanaime pashopu yawo. Ankayenda ngati munthu amene wauzidwa kuti matenda amene wakhala akumwera mankhwala alibe, koma ali ndi ena.

Depoti anaimva asanaione: mahutala, oitanira mabasi, mawayilesi olimbana. Kenako fungo la dizilo ndi mafuta okazingira. Anthu ankakankhana ndi mitolo, ndipo pakati pawo a Misomali ankaona nkhope zimene kale zinkabisala mvula pakhonde pawo.

"Ah, a Misomali! Mukadalipo?" anakuwa kalipentala wina atanyamula matabwa paphewa. "Ife tinamva kuti munatseka kalekale!"

"Ndine wotsegula."

"Zoona? Ndiye tidzabwera tsiku lina," anatero kalipentalayo. M'thumba la malaya ake munkaonekera kapepala ka misomali yatsopano.

Shedi ya amalonda inali kumapeto, ya denga la malata, yodzadza mpaka m'mbali. A Telala anali pamakina awo, mapazi akupalasa, tepi ili m'khosi. Akazi a a Misomali anali pambali pawo ndi mbale ya mabatani pamiyendo. Benchi loyandikana nalo linalibenso nsalu. Mayi wina wojintcha, wa mikono yamphamvu, ankasanjapo katundu wake: maloko onyezimira, mahinjesi, waya, ndi misomali m'mabeseni, uliwonse ndi saizi yake.

A Misomali anaima n'kumayang'ana mabeseniwo. Anasanjidwa bwino, zimenezo sakanatsutsa.

"Tikuthandizeni, bambo?" anafunsa mayiyo. "Ya mainchesi angati?"

"Ndi alamu anga amenewo," anatero a Telala osaimitsa makina.

"Ooh, ndi aja a kukhonsolo? Pepanitu bwana. Woyang'anira anakuitanani mpaka mawu kusasa."

Akazi a a Misomali sanadzutse mutu. Ankalowetsa ulusi pasingano mosamala kwambiri ngati ntchito imeneyo ndi imene dziko likudikira.

"Makonde abwerera liti?" anafunsa, maso ali pasingano.

A Misomali anazungulira makina n'kuima pafupi ndi mlamu wawo. Nkhani imene anabwera nayo inali imodzi yokha, ndipo njira yonse ankaiona ngati mphatso.

"Alamu, ndamva chinthu lero. Dzanja langa lija sanaliwerenge. Sawerenga n'komwe. Ine ndine woitanidwa chabe. Ndiye kuti khonde lija sindinagwetse ine. Ngakhale ndikanakana, likanagwabe."

Makina anaima. A Telala anakweza phazi la makinawo, anakoka thalauza, anadula ulusi ndi mano n'kuulavulira pambali. Anali munthu wosathamangira mawu. Ankawayeza kaye ngati nsalu ya kasitomala wovuta.

"Likanagwabe," anavomera.

"Eya. Ndi zimene ndikunena."

"Koma munalikweza, alamu."

Basi ina inaliza hutala nthawi yaitali. A Misomali anatsegula pakamwa kuti afotokoze za malamulo a komiti, za kusiyana kwa khansala ndi woitanidwa, koma anaona kuti a Telala sanakwiye. Akanakwiya zikanakhala bwino. Ankangoyang'ana msoko wa thalauza, kuuwongola ndi chala chachikulu.

"Akufuna akhome matabwa pawindo langa, andisiyire chitseko chokha," anatero a Misomali patapita kanthawi, mawu atachepa. "Akuti shopu yanga ikunyazitsa zojambula."

Mayi wa mabeseni anaseka, kenako ataona kuti akuseka yekha anasandutsa kusekako chifuwa.

Apa akazi awo anaika mbale ya mabatani pansi.

"Ndalankhula nawo kale mayiwa," anatero. "Akuti katundu wa kushopu akhoza kutenga yense, wa dzimbiri yemwe. Sikelo yokha ndi imene sakuifuna, ali ndi yawo. Ngolo ya m'bale wawo ilipo madzulo ano. Ndinawauza kuti ndidikire kaye mwiniwake abwere kuchokera kokaunika."

"Mwandigulitsa ndili moyo?"

"Ndakudikirani, abambo. Benchi silinakudikireni, ine ndakudikirani. Mukafuna, bwererani mukakhale kuseri kwa matabwa. Chitseko akuti akusiyirani."

Anatambasula dzanja. Sanalitambasule mwaukali, linali dzanja lomwe lija limene linkalandira ana kuchokera kwa iwo akalira. A Misomali anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina amene angapemphe kuti nkhaniyi ipite kukomiti ina. Panalibe. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa makiyi a shopu n'kuwaika m'dzanjamo. Mayiwo anawamanga pakona ya mpango wawo, ananyamula ambulera, n'kupita ndi mayi wa mabeseni kukafuna mwini ngolo.

Anatsala awiri. Makina anayambanso kulira.

"Ndiye ine ndizitani, alamu?" Funsolo linatuluka lokha, lopanda malonje.

"Malo a malonda pano atha," anatero a Telala. "Mudikire wina afe kapena alemere, ndipo pano anthu sachita msanga zonse ziwiri." Anapalasa pang'ono, n'kuimanso. "Koma ndikusowa wosita. Anthu a pano ndi apaulendo, amafuna chovala chichoke pamakina n'kulowa m'thupi. Ndikamasita ndekha, makina amagona."

Analoza ndi chibwano kuseri kwawo. Panali katebulo koyalidwa bulangeti lopserera m'mbali, ndi simbi ya makala itakhala pamwala. Denga la shedi linkathera pakati pa katebuloko.

"Sindinasitepo chibadwire," anatero a Misomali.

"Makolala muziyamba kunsi. Zotsalazo simbi ikuphunzitsani, imaphunzitsa msanga."

A Misomali anavula jekete, analipinda mkati kunja kuti lisade, n'kuliika pansi pa tebulo pamodzi ndi zidutswa za nsalu. A Telala anawaponyera thalauza lija osawayang'ana. Simbi inali yolemera kuposa mmene inkaonekera, ndipo makala ake anali atayamba kuzima.

Mwini thalauzalo anatulukira akuthamanga kuchokera kumabasi, mnyamata wa chikwama kumsana, atavala kabudula wobwereka.

"A Telala, mwamaliza? Eeh, likadali kositidwa? Inu achimwene ositanu, tachitani changu, basi indisiya!"

A Misomali anacheuka kuti aone amene akuitanidwa. Kumbuyo kwawo kunali khoma. Anawerama, anatsegula simbi, n'kuyamba kuuzira makala.